Siponji, tcheni kapena chingwe: ndi nunchaku iti imene imakulitsa luso?

Amene timasewera nunchaku, ndodo ziwiri zazifupi zolumikizidwa ndi tcheni kapena chingwe, muno mu Mzuzu sitichuluka, koma tikangokumana atatu mkangano umabuka. Wina amati tcheni ndiye mapeto, wina amalumbirira chingwe, ndipo amene wangoyamba kumene amafuna ya siponji poopa kudzitema mutu. Ine ndili ndi mbali yanga ndipo sindiibisa, koma ndiyambe ndanena muyeso umene ndikugwiritsa ntchito, apo ayi tizingotsutsana mpaka kuche. Sindiyeza luso la munthu poona liwiro limene akupukusira ndodo m'malere. Zimenezo mnyamata wa kupulayimale amazigwira m'masabata ochepa. Ndimayang'ana zimene zimachitika ndodo ikagunda chinthu. Ndodo yoti yamenya thumba kapena tayala siyendanso njira imene imayenda mumphepo. Imanjanja, imabwerera, ndipo nthawi zambiri imalunjika pa zala za mwini wake yemwe. Chida chabwino chophunzirira ndi chimene chimakuuzani zoona pa kamphindi kameneko.

Nunchaku timaidziwayi kwawo ndi ku Okinawa, kumwera kwa Japan, komwenso kunabadwira karate. Ena amati inayamba ngati chopunthira mbewu, ena amati inachokera ku timitengo towongolera hatchi pakamwa. Kumeneko ndi chimodzi mwa zida za kobudo, luso lakale lomenyana ndi zida, pamodzi ndi bo (ndodo yaitali), sai (kachitsulo ka nsonga zitatu), tonfa (ndodo ya chogwirira cha m'mbali) ndi kama (chikwakwa), ndipo anthu ngati Taira Shinken, amene anamwalira mu 1970, ndi banja la Matayoshi ndiwo anasunga kaphunzitsidwe kake. Ambirife sitinaionere kwa iwo. Tinaionera m'mavidiyo sho, m'manja mwa Bruce Lee, amene anaitchukitsa padziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Njira ziwirizi zinatisiyira zida ziwiri zosiyana. Ya ku Okinawa ndi yamtengo, kawirikawiri ya mbali 8, yomangidwa ndi chingwe chachifupi. Imene tinaizolowera m'makanema ndi yobulungira, ya tcheni chonyezimira chimene chimaoneka bwino pa kamera.

Ya mapaipi achitsulo, imene ena amakapangitsa kwa owotcherera, ndiichotseretu. Imalemera moti dzanja limatopa musanaphunzire kanthu, imaterera ndi thukuta, ndipo ikakupezani pankhongo kamodzi kokha ndi ulendo wa kuchipatala. Palibe chimene imaphunzitsa choti mtengo sungaphunzitse.

Ya siponji ili ndi ntchito yake ndipo sindiinyoza. M'kati mwake mumakhala kapaipi ka pulasitiki, kunja kokutidwa siponji. Yam'sitolo sipezeka wamba kuno, mumachita kutuma amene akupita ku Joni kapena ku Dar es Salaam, koma kupanga nokha sikuvuta: paipi yopyapyala ya PVC, siponji ya matiresi akale, ndi tepi yakuda ya magetsi yokulunga mothina. Ubwino wake waukulu ndi woti imachotsa mantha. Munthu wamantha amakunga mapewa, amatsinzina ndodo ikamadutsa pafupi ndi khutu, ndipo thupi lokungika siliphunzira. Mayendedwe onse odutsa kuseri kwa mutu, kumsana ndi pakati pa miyendo ndi bwino kuwayamba ndi siponji. Ndi yokhayonso imene mungamenyane nayo ndi mnzanu. Ku Netherlands kunayamba masewera otchedwa Nunchaku-do m'zaka za m'ma 1980, momwe anthu awiri amalimbana atavala zoteteza mutu, ali ndi nunchaku zofewa zakuda ndi zachikasu. Pamenepo munthu amaphunzira kuyeza mtunda ndi kuponya mnzake akusuntha, zinthu zimene thumba silingakupatseni.

Vuto la siponji ndi lakuti imanama. Ndi yopepuka koma yonenepa, choncho mphepo imaigwira, ndodo yakutsogolo, imene simunaigwire, imafika mochedwa, ndiye mumazolowera kuikankha ndi mkono wonse m'malo moisiya kuti kulemera kwake kuinyamule. Ikagunda chinthu imameza mphamvu, imanjanja mwaulesi, ndipo ikakubwererani pa zala simumva kanthu, kotero simudziwa kuti mwalakwa. Ndaonapo anyamata okhalitsa ndi siponji, manja awo achangu ndithu, koma kuwapatsa yamtengo amawakha mochedwa, ndodo n'kuwamenya m'nthiti m'malo molowa m'khwapa. Siponji ikhale ya mwezi woyamba kapena iwiri. Pambuyo pake muziitenga pa tsiku lophunzira kayendedwe katsopano kapena losewera ndi mnzanu, osati tsiku ndi tsiku.

Mkangano weniweni uli pakati pa tcheni ndi chingwe, ndipo apa ndichedwapo.

Ya tcheni yabwino imakhala ndi kachipewa kachitsulo pamutu pa ndodo iliyonse, m'kati mwake muli timipira ta bering'i, kotero tcheni chimazungulira chokha osapotana. Kupukusa nayo n'kokoma, zimenezo sinditsutsa. Tcheni ndi tizipewato zimawonjezera kulemera pakati, ndiye ikayamba kuzungulira sifuna kuima, ndipo zoyendetsa ndodo pamsana pa dzanja kapena kuiponya m'mwamba n'kuiwakha zimatuluka zosalala. Tcheni sichiduka ndi kukhuzika. Phokoso lakenso limaphunzitsa. Mukamapukusa bwino tcheni chimakhala chokungika ndipo sichilira kwambiri. Chikayamba kuchita chekechere ndiye kuti pena pake mwachifooketsa, ndodo yakutsogolo yasiya kukoka, ndipo khutu limagwira cholakwacho maso asanachione. Amene cholinga chake ndi kuonetsa pa ukwati, pa tsiku la masewera kusukulu kapena pa TikTok, tcheni chimuyenera.

Koma kuno kwathu tcheni chili ndi mdani amene ali m'mlengalenga. Mvula ya Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ikasiya mumalowa nkhungu ndi kamvula kowaza ka mu Juni ndi Julayi. Chitsulo chotchipa chimachita dzimbiri msanga, bering'i imayamba kugwira, ndipo ubwino umene munaugulira uja watha pokhapokha muzidonthezera mafuta a makina osokera sabata iliyonse. Zimenezo zimakonzeka. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti tcheni sichichenjeza. Kachipewa kaja kamagwidwa ndi kamsomali kopingasa m'mtengo. Mukamamenya thumba tsiku ndi tsiku, mtengo wozungulira kamsomaliko umadyeka m'kati momwe simukuona, mpaka tsiku lina ndodo imangosololoka n'kuuluka. M'nyumba za lendi za ku Chiputula kapena Zolozolo, kumene ana amasewera paliponse, ndodo youluka ingathe kuvulaza mwana wa mwini moyipa. Zopanga tokha ndi tcheni cha galu ndi sikuluu yolowetsa pamutu pa ndodo ndiye zoopsa koposa, chifukwa sikuluu yolowa motsata mitsempha ya mtengo imazuka mosavuta. Pamwamba pa izi, kukana kuima kuja kumene kumakoma popukusa kumasanduka mtolo pomenya. Pomenya mumafuna ndodo yoti ikagunda muibweze msanga m'khwapa kapena m'dzanja linalo, ndipo tcheni chimakuchedwetsani pamenepo. Chimapananso khungu la pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mukagwira chapamwamba.

Chingwe sichilemera kanthu, choncho kulemera konse kuli m'ndodo, ndipo chimene dzanja lachita ndodo yakutsogolo imayankha nthawi yomweyo. Mukapotoza dzanja molakwika nayo imapita molakwika, osakubisirani. Masiku oyamba zimakhumudwitsa, chifukwa kayendedwe kamene kanali kosalala pa tcheni kamaoneka kokhotakhota pa chingwe. Musabwerere m'mbuyo, kukhotako kunalipo kale, tcheni chinkangokukwirira. Chingwe sichichita phokoso, mungathe kuphunzira m'bandakucha aneba ali m'tulo. Chimapezekanso m'hadiweya za m'tauni. Funsani cha nayiloni cholukidwa, cha mamilimita 3 kapena 4. Chopota chabuluu chija choyanikira zovala chisiyeni, chimayoyoka ndi dzuwa ndipo mfundo zake zimamasuka. Kufooka kwa chingwe n'kwakuti chimadyeka pakamwa pa bowo, koma kudyekako kumaoneka ndi maso: ulusi umayamba kuyera ndi kuchita ubweya chisanaduke. Mukasalaza pakamwa pa bowo ndi sandipepala n'kukhuza kandulo pachingwepo chimakhalitsa, ndipo kuchisintha ndi ntchito yoti mumaliza madzi a tiyi asanawire kawiri pambaula. Ine ndimakhulupirira chida choonetsa chilonda chake kuposa chobisa.

Kutalika kwa chingwe kumasintha zonse, ndipo ambiri amachitalikitsa mopitirira potengera tcheni cha m'makanema. Yezani chonchi. Tambasulani dzanja, yanikani chingwecho mopingasa pachikhatho, ndodo zilendewere uku ndi uku. Zikalendewera molunjika pansi, zikukhudza m'mbali mwa dzanja, ndiye muyeso wanu umenewo, ndipo kwa wamkulu umakhala masentimita 8 mpaka 11. Zikatangadza ndiye kuti chafupika, chikatsala chochuluka ndiye kuti chatalika. Chachitali chimafika patali ndipo chimakwapula kwambiri, koma ndodo ikanjanja imakhala ndi danga lalikulu losocherera. Chachifupi chimamvera. Pomanga, bowo lilowe kuchokera pamutu pa ndodo kutsika m'kati n'kukakumana ndi mabowo opingasa a m'mbali, ndipo chingwe chidutse katatu pakati pa ndodo ziwirizo, mfundo ibisike m'mphako ya m'mbali. Apa chingwe chimaposanso tcheni, chifukwa mungathe kuchifupikitsa ndi theka la sentimita mpaka mutapeza pokukomerani, pamene tcheni mumachotsa mphete yathunthu kapena osachotsa konse.

Mukasankha chingwe, funso lotsatira ndi mtengo. Ku Japan amakonda oak wofiira kapena woyera, ife tili ndi yathu. Paini ndiye wapafupi, Chikangawa ili pakhomo pompa ndipo zidutswa zake sizisowa kwa amisiri. Ndodo ya paini yotalika masentimita 30 ndi kunenepa masentimita 3 imalemera pafupifupi magalamu 100. Ndi yabwino pochoka ku siponji, koma ndi yofewa. Imatibuka m'mbali ikamagunda, imang'ambika pabowo, ndipo pamene panali nthambi ndi pamene imathyokera. Bulugamu ndi wolimbirapo, koma akakhala wosauma bwino amang'aluka kuyambira kumapeto, komwe kuli bowo lanu. Mlombwa ndiye ndimaukonda. Umalemera mwapakati, pafupifupi magalamu 130 pa muyeso womwewo, ndipo sufufuma kapena kupindika nyengo ikasintha, chimene chili chofunika kwambiri m'chinyezi cha kuno. Musadulitse mtengo chifukwa cha timitengo tiwiri, mlombwa wayamba kale kusowa. Mwendo wa mpando wakale kapena chidutswa chotsala kwa wopanga zitseko chimakwana. Muwanga ndi wolemera kwambiri, kuyandikira magalamu 200 ndodo imodzi. Umalimbitsa mkono ndipo umakukakamizani kuyenda pang'onopang'ono, koma mukaupukusa mwaliwiro nthawi yaitali chigongono chimayamba kudandaula. Umenewo ukhale wa nunchaku yachiwiri, yogwira mphindi zochepa.

Popita kwa kalipentala musangoti akupangireni nunchaku, adzakupangirani yokongola yoyenera pakhoma. Tengani muyeso wanu. Ndodo iyambire pakati pa chikhatho n'kulekezera pachigongono, kuti mukaigoneka pamkono potchinga iphimbe fupa lonse. Kwa ambiri ndi masentimita 30 mpaka 35. Kumutu kwa chingwe ichepeko, masentimita 2.5, kunsi ikule kufika 3, kuti kulemera kuthamangire kunsonga. Pakati pa yobulungira ndi ya mbali 8, yobulungira imagudubuzika bwino padzanja, koma ya mbali 8 sitembenuka m'chikhatho pomenya, ndipo mmisiri safuna makina ozunguza mtengo: amayamba wa mbali 4 n'kupala ngodya zake ndi puleni. Vanishi mukane. Mmisiri wina wachikulire ku Chibavi nditamukaniza vanishi anaika puleni pansi n'kundiyang'ana. "Ndiye ndikupatseni yosamaliza, achimwene? Anthu akaona adzati mmisiri wake ndani?" Ndinati, "Bambo, vanishi ndi thukuta sizimvana, ingoisalazani basi." Sanayankhe. Anatenga ndodo ziwirizo, ina dzanja ili ina dzanja ilo, n'kumazidumphitsa pang'ono ngati akuzifunsa. Kenako anazisinthanitsa manja, anabwezera imodzi pabenchi, anapala kawiri mopepuka, n'kuziyezanso. Zimenezo sindinawauze, koma n'zofunika kuposa maonekedwe. Ndodo ziwiri zikasiyana kulemera, nunchaku imayenda mosiyana nthawi iliyonse mukasintha dzanja, ndipo mudzaganiza kuti vuto ndi inu.

Tsopano tifike pa chomenya. Thumba la feteleza lodzaza nsanza zosakaniza ndi utuchi wa kumacheka ndilo loyambira. Utuchi wokha umatsikira pansi n'kulimba, ndipo ukamwa chinyezi umalemera, ndiye nsanza zichuluke. Tayala lakale lopachika pachingwe limabweza ndodo mwamphamvu kwambiri, lisungireni mtsogolo pamene thumba lasiya kukulangani. Kampira ka tenesi kolendewera pa ulusi sikaphunzitsa kunjanja koma kamaphunzitsa kulunjika, chifukwa kukaphonya n'kosavuta. Mtengo wamoyo, mzati ndi khoma musamenye, mungothyola ndodo.

Yang'anani munthu amene akumenya thumba koyamba. Amagwira ndodo chapamwamba, pafupi ndi chingwe, chifukwa ndi mmene amapukusira mwachangu. Amaima pafupi kwambiri. Amaponya, ndodo n'kugunda ndi pamimba pake, dzanja n'kuima pomwepo. Mumamva kulira kuwiri kotsatana, phu pathumba, kenako kho pamfundo za zala. Nunchaku ili pansi, zala walowetsa m'khwapa, akuzungulirazungulira. Sanalakwe chifukwa chosowa mphamvu. Kugwira chapamwamba kwayandikitsa zala ku njira imene ndodo imabwerera, ndiye gwirani chakunsi, kutsale malo a zala ziwiri zokha kumapeto. Mukatero mumafika patali, nsonga imayenda mwaliwiro, ndipo pakati pa dzanja lanu ndi chingwe pamakhala mtengo wokwanira kulandira ndodo yobwerera. Kuima pafupi kwachititsa kuti agunde ndi pamimba, ndiye bwererani m'mbuyo mpaka masentimita 5 akunsonga okha ndiwo azikhudza thumba. Koma chachikulu ndi dzanja loima lija. Womweta udzu ndi chikwakwa saimitsa mkono pamene pali udzu, amaupititsa mpaka kutsidya, ndipo n'chimodzimodzi apa. Dzanja lipitirire kudutsa kutsogolo kwa thumba mpaka m'chiuno cha mbali inayo, likukoka ndodo yakutsogolo kuti itsate m'mbuyo mwake. Ndodo imene ikukokedwa ilibe mpata wobwerera pa zala. Ikafika m'chiuno tembenukani nayo pang'ono kuti ifike yafooka, kenako ibwezeni m'khwapa n'kuipana. Mphamvu ichokere m'chiuno ndi phazi lakumbuyo, phewa likhale lomasuka.

Pa thumba pomwepa ndi pamene zida zitatu zija zimaonekera poyera. Siponji imakulolani kuimitsa dzanja osakulangani. Tcheni chikagunda chimafooka kamphindi, mphete zake zimakhwepa mosiyanasiyana, ndipo ndodo lero ibwerera apa mawa apo. Chingwe chachifupi chimabweza ndodo m'njira imodzimodzi nthawi zonse mukalakwa mofanana, ndiye mumatha kuona cholakwacho, kuchikonza, n'kuona kuti chakonzekadi. N'chifukwa chake nunchaku yanga ya tsiku ndi tsiku ndi ya mlombwa ndi chingwe, ndipo aliyense amene amandifunsa ndimamuuza zomwezo.

Chida mwachipeza, nanga muziphunzira chiyani? Pa intaneti zochuluka ndi za freestyle, zoyendetsa ndodo pazala, pakhosi ndi m'mwamba. Zimasangalatsa, zimazoloweretsa manja, ndipo sindiletsa. Koma yang'anani miyendo ya ambiri ochita zimenezo, imangoima pamodzi osasuntha. Kobudo ili ndi mayendedwe ochepa ndipo poyamba imaoneka yosakoma. Muli kutchinga ndodo zonse ziwiri zili m'dzanja limodzi, kubaya ndi kunsi kwa ndodo, kupana mkono wa mdani pakati pa ndodo ziwirizo, ndipo kuponya kulikonse kumayenda ndi phazi. Kata, mndandanda wa mayendedwe oloweza pamtima, ngati Maezato no Nunchaku imaoneka yosavuta pa vidiyo, koma yesani kuichita miyendo ili m'malo mwake. Ngati mukufuna nunchaku ngati chida cha masewera omenyana, kobudo ikhale nsima, freestyle ya pamapeto mukatopa. Mayendedwe oti muwadziwe mpaka kutulo ndi ochepa: kulemba 8 kutsogolo kwanu, kumenya mopendekera kuchokera paphewa kutsika, kumenya mopingasa, kumenya chokweza n'kuwakha kuseri kwa phewa ndi dzanja linalo, ndi kuponya kuchokera m'khwapa n'kubwezera momwemo. Aliwonse muwachite mukupita kutsogolo, mukubwerera m'mbuyo, ndi mukupatukira kumbali.

Pa nkhani ya foni ndi mphunzitsi, ambirife tilibe chosankha chachikulu, timayambira pafoni. Foni ili ndi zabwino zimene mphunzitsi alibe. Pa YouTube mungachepetse liwiro kufika 0.5 kapena 0.25 n'kuona pamene dzanja likutembenukira, ndipo mungabwereze kosatha popanda wotopa nanu. Tsitsani mavidiyo ochepa bandulo ikakhalapo m'malo mothamangira atsopano tsiku lililonse, ndipo sankhani amene mphunzitsi wake akuonekanso chakumbuyo, chifukwa akakuyang'anani dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwanu ndipo mutu umasokonezeka. Ntchito yaikulu ya foni ndi kudzijambula nokha. Itsamiritseni panjerwa chakumbali kwanu, menyani thumba kakhumi, kenako onerani. Mudzaona dzanja likuima pamene inu mumaganiza kuti likupitirira. Koma foni siyankhula. Sikuuzani kuti phewa lakwera, chidendene chanyamuka msanga, kapena mukubanika mpweya. Apa mphunzitsi wa karate amathandiza ngakhale atakhala kuti sanagwirepo nunchaku. Mu karate ya Shotokan, mwachitsanzo, mayeso a malamba alibe zida, ndiye sensei woona mtima angakuuzeni kuti zimenezo saphunzitsa. Musachoke. Muuzeni kuti, "Sensei, mundionereko miyendo ndi chiuno chokha." Kaimidwe ndi katembenuzidwe ka chiuno n'kamodzimodzi, ndipo Taira Shinken yemweyo anaphunzira karate kwa Funakoshi Gichin, amene Shotokan inachokera kwa iye. Ndikayika ziwirizi pasikelo, foni imakupatsani manja, mphunzitsi amakupatsani pansi popondapo, ndipo amene ali ndi mwayi wa zonse asataye chimodzi.

Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka lokha. Nunchaku imafuna maso ndi manja atcheru, ndipo mukatopa ndi pamene ndodo imapeza kamtsempha ka pachigongono kaja, mkono wonse n'kuchita dzanzi mpaka kuchala chaching'ono. M'mamawa wa mu Juni zala zimakhala zitauma ndi kuzizira, siziwakha bwino ndipo zikagundidwa zimapweteka kawiri, choncho yambani mwathamanga pang'ono, kupukusa mikono ndi kutikita manja mpaka atenthe. Dzanja lofooka ndilo liyambe, mutu ukadali watsopano, ndipo lichite zochuluka kuposa linzake. Ambiri amalisiyira kumapeto atatopa, ndiye limakhala losadziwa mpaka kalekale, pamene theka la mayendedwe a nunchaku limathera m'dzanja limenelo.

Phunzirani pabwalo lotseguka, mamita atatu mbali zonse popanda mwana, zenera kapena chingwe cha zovala. Poyenda nayo ikhale pansi m'chikwama, yokulunga m'malaya a masewera, osati m'thumba la thalauza kapena m'chiuno. Apolisi akakupezani nayo usiku sadzafunsa za kata, ndipo ku mayiko ena ngati Canada ndi Germany kukhala nayo kokha ndi mlandu. Kumowa ndi kumpira isapite.

Amene muli nayo kale ya tcheni musaitaye. Musanayambe tsiku lililonse gwirani ndodo zonse ziwiri n'kukoka mwamphamvu, kenako gwedezani kachipewa kalikonse ndi chala. Kakangoyamba kusuntha, ngakhale pang'ono, lekani kumenyera thumba. Pitani nayo kwa kalipentala achotse tizipewato, adule pamene mtengo wadyeka, aboole bowo lapamutu ndi am'mbali, inu mumangepo chingwe. Ndodo zidzafupika pang'ono, ndiye muzigoneke pamkono muone ngati zikufikabe pachigongono. Zikapelewera, mupatseni mng'ono wanu wa mikono yaifupi, inu mukafunefune mwendo wa mpando wa mlombwa.